Hard disk yatsopano yasowa mu kompyuta patangotha masabata atatu: ndiyambire pati?

Nyenyezi_Yakummawa analemba:

Moni nonse. Ndikupempha thandizo kwa amene amadziwa bwino za mkati mwa kompyuta. Masabata atatu apitawa ndinagula hard disk yatsopano ya 8TB, yaikulu ija ya mainchesi 3.5, ya mtundu umene anapangira ma seva ogwira ntchito usana ndi usiku. Ndinaiika mu kompyuta yanga ya patebulo ngati disiki yachiwiri, popeza Windows 10 ili pa SSD yaing'ono imene ndakhala nayo kwa zaka zingapo. Tsiku loyamba zonse zinayenda bwino. Ndinatsegula Disk Management, ndinasankha GPT, ndinaifomata kukhala NTFS n'kuipatsa chilembo D, ndipo inaonetsa malo okwana 7.27TB, zimene ndinauzidwa kuti ndi mmene Windows imawerengera disiki ya kukula kotere.

Pambuyo pake ndinasamutsirapo zithunzi, mavidiyo ndi mafayilo a ntchito a zaka zambiri, onse pamodzi pafupifupi 3TB, kuchokera pa ma disiki awiri akale. Imodzi mwa ma disiki akalewo ndinaifufuta n'kupatsa munthu wina, inayo ndinaifufutanso n'kuisunga m'kabati. Choncho pamene ndikulemba pano, zinthu zonsezo zili pa disiki yatsopanoyi basi.

Dzulo m'mawa nditafuna kutsegula fayilo ina, ndinapeza kuti chilembo D palibe. Ndinazimitsa kompyuta n'kuyatsanso katatu konse, koma sizinathandize. Mu Disk Management mukuoneka SSD yokha, ngakhale nditadina Rescan Disks, ndipo mu Device Manager namonso mulibe dzina la disikiyo. Sindinaike pulogalamu yatsopano iliyonse, ndipo kompyutayo sinagwe kapena kugundidwa.

Mafunso anga ndi awa: kodi disiki ya masabata atatu ingafe chonchi popanda chenjezo? Kodi ndiyese mapulogalamu obwezeretsa mafayilo amene ndikuwaona pa intaneti? Nanga popeza waranti ikadalipo, ndingoibweza kumene ndinagula? Chimene chikundisowetsa tulo ndi mafayilo anga, osati disikiyo.

---

Kadzidzi anayankha:

Pepani ndi zimene zakuchitikiranizi, a Nyenyezi. Choyamba ndikupempheni kuti musaibweze disikiyo pakadali pano. Waranti imakupatsani disiki ina, koma kawirikawiri sibweza mafayilo amene anali pa disiki yakale, ndipo ikangochoka m'manja mwanu mwayi woona zithunzi zanuzo umakhala utapita. Chachiwiri, ngati tsiku lina ingatulukire mwadzidzidzi ndipo Windows n'kukufunsani kuti muichite initialize kapena muifomate, mukane. Disiki imene inali ndi mafayilo siyenera kufomatidwa pofuna kuikonza.

Za mapulogalamu obwezeretsa mafayilo, panopa alibe ntchito. Pulogalamu ngati TestDisk imathandiza pamene kompyuta ikuiona disiki koma dongosolo la mafayilo lasokonekera. Inu mwanena kuti ngakhale Device Manager sikuiona, kutanthauza kuti pulogalamuyo idzasowa choti iwerenge. Tiyenera kutsika kaye pansi pa Windows.

Poyatsa kompyuta, lowani mu BIOS kapena UEFI, pulogalamu ya pa motherboard imene imayamba Windows isanayake, nthawi zambiri podina Del kapena F2, ndipo mupeze tsamba limene limaonetsa zimene zalumikizidwa pa ma port a SATA, molowera zingwe za ma disiki. Kumeneku ndi kumene nkhani imagawikana pawiri. Ngati dzina la disiki ndi kukula kwake zikuoneka bwinobwino mu BIOS, ndiye kuti magetsi akufika, chingwe chikugwira ntchito, ndipo vuto lili kumbali ya Windows: mwina chilembo chachoka, mwina disiki yaikidwa offline, mwina driver ya SATA yasokonekera. Amenewo ndi mavuto opepuka. Ngati BIOS ikuonetsa dzina lachilendo kapena kukula kwa 0, chimenecho ndi chizindikiro choipa, chifukwa zimatanthauza kuti bolodi ya disiki ikuyankha koma ikulephera kuwerenga uthenga wake wa mkati umene umasungidwa pa mbale zozungulira zija. Koma ngati BIOS siikuona chilichonse, tatsala ndi zinthu zinayi zoti tizikayikire: chingwe cha deta, port ya pa motherboard, magetsi, ndi disiki yeniyeniyo.

Apa m'pamene makutu ndi dzanja zimaposa pulogalamu iliyonse. Tsegulani mbali ya kompyuta, ikani chala pang'onopang'ono pamwamba pa chitsulo cha disiki, osakhudza bolodi ya kunsi, kenako wina ayatse. Disiki yabwino imayamba kunjenjemera pang'ono mota ikamanyamuka, phokoso limakwera kwa masekondi angapo mpaka kufika pa liwiro lake, lomwe pa ma disiki a mtundu wanuwo nthawi zambiri ndi maulendo 7200 pa mphindi, kenako mumamva timaphokoso tochepa mitu yowerengera ikamayamba ntchito. Ikamalira kuti ke ke ke mobwerezabwereza kenako n'kuzima, muzimitse nthawi yomweyo ndipo musayatsenso, chifukwa kuyatsa kulikonse kungawonjezere kukalika kwa mbale. Ikamang'ung'udza ngati ikufuna kuzungulira koma ikukanika, mwina mota yagwira kapena mitu yamatirira. Ikangokhala chete ngati mwala, kawirikawiri nkhani imakhala ya magetsi kapena bolodi, ndipo mafayilo amakhala ali bwinobwino.

Mukamva zimenezo, yambani kusintha zinthu chimodzi chimodzi, kompyuta ili yozimitsa ndiponso mutazula chingwe cha kukhoma. Ndikutsindika mawu akuti chimodzi chimodzi chifukwa anthu ambiri amasintha chingwe, port ndi magetsi nthawi imodzi, ndiye zikatheka sadziwa chimene chinali cholakwika, ndipo vutolo limadzabweranso. Yambani ndi chingwe chopyapyala cha deta, cha mapini 7 chija, chifukwa chimamasuka mosavuta makamaka ngati chilibe kachitsulo kotsekera. Njira yosavuta ndi kubwereka chingwe ndi port zimene SSD yanu ikugwiritsa ntchito, popeza zimenezo tikudziwa kuti ndi zamoyo. Windows siyaka, koma ife tikungofuna kuona mu BIOS.

Chinthu china chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti pa ma motherboard ena, mukaika SSD ya M.2, port imodzi kapena ziwiri za SATA zimazimitsidwa chifukwa zimagawana njira imodzi. Buku la motherboard limanena ma port ake. Ngati mwaonjezera chipangizo chotero posachedwapa, mutiuze. Kuona maso a nkhono n'kudekha, choncho musathamange.

---

Chiphaliwali anayankha:

Ndikugwirizana ndi a Kadzidzi pa ndondomeko yonseyo, koma funso lanu loyamba lija ndiliyankhe mosabisa: inde, disiki yatsopano ikhoza kufa. Zipangizo za mtundu umenewu zimakonda kufa nthawi ziwiri, koyambirira ngati zinatuluka ku fakitale ndi chilema kapena zinagundidwa pa ulendo, ndiponso zikakalamba. Kukhala yatsopano si umboni woti ili bwino, ndipo ineyo ndikukayikira kuti yanuyo ndi imodzi mwa zofa msangazo.

Njira yachidule yodziwira ndi kuichotsa mu kompyuta yanu n'kuiyesa kwina, kaya mu kompyuta ina kapena mu dock ya USB, kachipangizo kamene mumalowetsamo disiki n'kuilumikiza ku kompyuta kudzera pa USB. Onetsetsani kuti dock yake ili ndi adaputa yakeyake ya magetsi a 12V. Disiki ya mainchesi 3.5 imafuna 12V yoyendetsera mota ndi 5V ya bolodi, pamene USB wamba imapereka 5V yokha, ndiye kachingwe kaja kamene timalumikizira ma disiki a laputopu sikangaizungulitse, ndipo mungaganize kuti yafa pamene ili moyo. Mukaichotsa, nunkhizani bolodi yake ndi kuyang'ana pafupi ndi polowera magetsi ngati pali kachipangizo kakuda kopsa. Pamenepo pamakhala ma diode oteteza amene amapsa magetsi akabwera mopitirira muyeso, n'cholinga choti zina zonse zipulumuke.

Zinthu ziwiri musachite, ngakhale mutawerenga kuti ena zinawathandiza: kuiika mufiriji ndi kumasula chivundikiro chake. Chinyezi ndi fumbi zimawononga mbale, ndipo ma disiki ambiri aakulu a masiku ano ndi odzazidwa ndi mpweya wa helium n'kumatidwa, moti mukatsegula ndiye kuti mwaimaliza.

---

Nyenyezi_Yakummawa anayankha:

Zikomo kwambiri a Kadzidzi ndi a Chiphaliwali. Ndatsatira malangizo anu ndipo zimene ndapeza zandidabwitsa.

Mu BIOS disikiyo palibe, port yake ikulembedwa kuti ilibe kanthu. Nditaika chala poyatsa, sindinamve kunjenjemera kapena phokoso lililonse, inangokhala zii. Ndinasintha chingwe cha deta, palibe kusintha. Ndinaika pa port ndi chingwe cha SSD, palibenso. SSD ya M.2 ndilibe. Kenako ndinasintha pulagi ya magetsi, n'kuika ija imene inali pa SSD, koma inakhalabe chete. Apa mtima unali utatsika kale, ndipo ndinkaona kuti a Chiphaliwali anena zoona.

Madzulo ndinabwereka dock yokhala ndi adaputa ya 12V kwa mnzanga wa kuntchito. Bolodi ya disiki sinali ndi fungo la kupsa kapena banga lililonse. Nditangoiika mu dock n'kuyatsa, inazungulira nthawi yomweyo, ndipo patapita masekondi ochepa mafayilo anga onse anaoneka pa laputopu. Nditaibwezera mu kompyuta ya patebulo, inakhalanso chete ngati poyamba.

Pali chinthu chimodzi chimene sindinatchule poyamba chifukwa ndinkaona ngati sichikukhudzana ndi nkhaniyi. Masiku anayi disikiyo isanadziwike kuti yasowa, ndinasintha power supply, bokosi logawa magetsi mkati mwa kompyuta, chifukwa yakale inali ndi fani yaphokoso kwambiri. Yatsopanoyi ndi yamphamvu kuposa yakale, ndipo kompyuta yonse ikuyenda nayo bwino, kuphatikizapo SSD imene ili pa chingwe chomwecho cha magetsi. M'masiku anayiwo sindinatsegule D, choncho n'kutheka kuti inasowa tsiku lomwelo. Koma ngati power supply ili ndi vuto, n'chifukwa chiyani SSD ikugwira ntchito pa pulagi yomweyo imene hard disk ikukana?

---

Mmisiri_Wakale anayankha:

A Nyenyezi, mfundo imene munaisiyayo ndiyo mutu wa nkhani yonse. Ndisanafotokoze, ndikufunseni: pa power supply yakale, kodi disikiyi inkalandira magetsi kudzera pa pulagi ya SATA yochokera mu power supply mwachindunji, kapena munagwiritsa ntchito kachingwe kosinthira kuchokera pa pulagi yaikulu ya mabowo anayi, imene timaitcha Molex? Ndikuganiza kuti yankho ndi lachiwirilo, ndipo chifukwa chake ndi ichi.

Pulagi ya magetsi ya SATA ili ndi mapini 15. Malinga ndi dongosolo loyambirira, mapini 1, 2 ndi 3 amanyamula 3.3V, mapini 7, 8 ndi 9 amanyamula 5V, mapini 13, 14 ndi 15 amanyamula 12V, ndipo otsalawo ambiri ndi a ground. Kwa zaka zambiri ma hard disk sankagwiritsa ntchito 3.3V ija ngakhale pang'ono, inkangofika n'kukhala. Kenako pini yachitatu inapatsidwa ntchito ina yotchedwa Power Disable, imene inalowa mu dongosolo la SATA 3.3 lomwe linatuluka mu 2016. Cholinga chake chinali chothandiza malo osungirako ma seva ambiri: disiki imodzi ikasiya kuyankha, woyang'anira akhoza kuizimitsa ndi kuiyatsanso ali patali, popanda kupita kukaizula ndi manja. Mmene zimagwirira ntchito n'zakuti disiki ikaona magetsi pa pini yachitatu, imamva ngati yalamulidwa kuti izime, ndipo imakhala yozima mpaka magetsiwo atachoka.

Tsopano taonani zimene zikuchitika kwa inu. Ma power supply ambiri a makompyuta a patebulo amatumizabe 3.3V pa mapini atatu oyambirirawo nthawi zonse, monga mwa dongosolo lakale. Disiki yanu ndi ya mtundu wa ma seva, umene kawirikawiri ndi umene umakhala ndi Power Disable. Choncho power supply yatsopano ikangoyaka, imauza disikiyo mosalekeza kuti izime, ndipo disikiyo imamvera. Palibe chimene chawonongeka pa ziwirizi, zikungotsatira malamulo a nthawi zosiyana. SSD yanu ilibe Power Disable, n'chifukwa chake ikugwira ntchito pa pulagi yomweyo. Dock ya mnzanuyo situmiza 3.3V pa pini imeneyo, n'chifukwa chake disiki inazungulira. Pulagi ya Molex nayo ili ndi mawaya anayi okha, wachikasu wa 12V, wofiira wa 5V ndi akuda awiri a ground, ndiye ngati kale munkadutsira pamenepo, 3.3V sinkafika n'komwe.

Mukhoza kutsimikizira poyang'ana chingwe cha SATA cha power supply yatsopano. Ngati chili ndi mawaya asanu, wachisanuyo ndi wa 3.3V, ndipo pa zingwe za mitundu amakhala wa olenji. Masiku ano zingwe zambiri ndi zakuda zokhazokha, ndiye mungowerenga. Yang'ananinso pepala la tsatanetsatane wa disiki yanu pa tsamba la kampani imene inaipanga, mufufuze mawu akuti Power Disable kapena PWDIS pa nambala ya model yanu.

Njira zokonzera zilipo zingapo. Yodziwika kwambiri ndi kumata kachidutswa kakang'ono ka tepi yosadutsa magetsi pa pini yachitatu ya disiki. Mumawerenga kuyambira mbali imene yayandikana ndi polowera chingwe cha deta, ndipo ngati dzanja likuvuta kumata pini imodzi, palibe vuto kuphimba mapini atatu oyambirira onse, bola musafike pa yachinayi. Tepi ya Kapton ndiyo yabwino chifukwa ndi yopyapyala ndiponso imapirira kutentha. Njira ina ndi kugwiritsa ntchito chingwe chowonjezera cha SATA chimene chili ndi mawaya anayi okha, kapena kubwerera ku kachingwe ka Molex. Kudula waya wa 3.3V pa power supply kumathekanso, koma ine sindingakulangizeni chifukwa mungataye waranti ya power supply yatsopano pa chinthu chimene tepi ingakonze.

Musanachite chilichonse mwa zimenezi, dock ija ikadali m'manja mwanu, koperani mafayilo ofunika kwambiri pa disiki yakale imene ili m'kabati. Ine ndikhoza kukhala kuti ndalakwitsa, ndipo ngati ndalakwitsa, mpata umene mwapezawu mwina sudzabweranso.

---

Kadzidzi anayankha:

Kufotokoza kwa a Mmisiri kukugwirizana ndi zizindikiro zonse, ndipo ndikuvomereza kuti pini yachitatu sinandibwerere m'maganizo. Ndingowonjezera zinthu ziwiri.

Pa kachingwe ka Molex, samalani ndi mtundu umene mawaya ake anaumbidwira mkati mwa pulasitiki yolimba moti simungawaone polowera. Zingwe zotchipa za mtundu umenewo zimadziwika kuti nthawi zina zimasungunuka n'kupsa, chifukwa mawaya a mkati amatha kukhudzana. Mtundu umene waya aliyense amapanidwa payekha m'kachitsulo ndi wodalirika. Pa chifukwa chimenechi ine ndingasankhe tepi, ngakhale kuti nayo ili ndi vuto lake: imatha kusuntha mukazula ndi kubwezera pulagi, ndiye disiki ikadzasowanso tsiku lina, muyambe mwayang'ana pamenepo.

Chachiwiri, disiki ikabwerera musangokhulupirira kuti ili bwino chifukwa choti yaoneka. Chenjezo la a Chiphaliwali la ma disiki ofa msanga likadali ndi ntchito. Werengani S.M.A.R.T. yake, manambala amene disiki imasunga onena za thanzi lake, ndi pulogalamu ya CrystalDiskInfo, kapena ndi smartctl ngati mumadziwa kulemba ma command. Yang'anani nambala 5, imene imawerenga magawo owonongeka amene disiki yawasinthanitsa ndi ena, nambala 197 ya magawo okayikitsa amene akudikira kusinthidwa, ndi nambala 198 ya amene analephereka kuwerengedwa. Pa disiki ya masabata atatu zonsezi ziyenera kukhala pa 0, ndipo ngati sizili choncho, muli ndi chifukwa chomveka chokaibwezera. Nambala 199 ndi yosiyana, chifukwa imawerenga zolakwika za pa njira pakati pa disiki ndi motherboard, ndipo ikamakwera timakayikira chingwe cha deta, osati disiki. Nambala imeneyi sibwerera pa 0 ngakhale mutasintha chingwe, choncho chofunika ndi kuona ngati yasiya kukwera. Pomaliza yendetsani mayeso aatali a S.M.A.R.T., amene amawerenga disiki yonse. Pa 8TB amatenga maola oposa 10, ndiye ndi bwino kuwasiya usiku wonse mutaonetsetsa kuti kompyuta siilowa m'tulo.

---

Nyenyezi_Yakummawa anayankha:

A Mmisiri, munalasa penipeni. Power supply yakale inali ndi mapulagi a SATA awiri okha, ina pa SSD ina pa DVD, choncho disiki yatsopanoyo ndinaiika pa kachingwe ka Molex, ndipo posintha power supply ndinakachotsa poona kuti mapulagi tsopano ndi okwanira. Chingwe chatsopano chili ndi mawaya asanu, ndipo pepala la disiki likutchuladi Power Disable.

Ndinayamba ndi kukopera, monga munanenera. Disiki yakale ndi ya 2TB, ndiye ndinasankha zithunzi zonse ndi mafayilo a ntchito, n'kusiya mavidiyo ena amene ndingathe kuwapezanso. Kenako ndinamata tepi pa mapini atatu oyambirira. Ulendo woyamba tepi inakwinyika pamene ndinkalowetsa pulagi ndipo disiki sinazungulire, koma nditadula kachidutswa kotalikirapo n'kukapinda pang'ono kumapeto kwa pulasitiki, pulagi inalowa bwino. Nditayatsa ndinamva mota ikunyamuka, BIOS inaonetsa dzina la disiki ndi kukula kwake kolondola, ndipo chilembo D chinabwerera chokha.

Mu CrystalDiskInfo nambala 5, 197 ndi 198 zili pa 0. Nambala 199 ili pa 6, ndipo kuyambira dzulo sinasinthe. Chingwe chakale cha deta chija chinali chopanda kachitsulo kotsekera, choncho ndasiyapo chatsopano chimene ndinaika poyesa. Mayeso aatali anatha lero m'mawa popanda cholakwika. Ndamata kapepala mkati mwa chivundikiro cha kompyuta kofotokoza za tepi ya pa pini yachitatu, kuti aliyense amene angadzatsegule asaichotse poganiza kuti ndi chinyalala, ndipo sabata ino ndikufuna kupeza disiki ina yoti mavidiyo otsalawo akhalenso pamalo awiri.